Thovu la pabala si umboni woti chilonda chikupola

Alimi anzathu amene muli ndi madimba ku Epworth ndi ku Dzivarasekwa, komanso inu onyamula katundu pa msika wa Mbare Musika ku Harare, mabala a khasu, chikwanje ndi malata sakusowani. Chimene ndachiona m'makomo ambiri n'chakuti munthu akadzitema amathira mankhwala otsukira mabala otchedwa hydrogen peroxide m'mawa ndi madzulo, ndipo akaona thovu likufufuma amakhutira kuti tizilombo tikufa. Thovulo limabwera chifukwa m'magazi mwathu muli catalase, amene amaswa mankhwalawo n'kusanduka madzi ndi mpweya wa okosijeni, choncho lingatuluke ngakhale pabala lopanda tizilombo.

Thupitu limapanga lokha mankhwala amenewa. Khungu likang'ambika, maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil amathamangira pamalopo n'kumeza tizilombo, kenako amasandutsa okosijeni kukhala superoxide ndi hydrogen peroxide, zinthu zaukali zimene akatswiri amazitcha reactive oxygen species. Amapanganso hypochlorous acid, mbale wake wa mankhwala a mu Jik. Nkhondoyi imakhala ili mkati pamene bala latupa, likutentha ndi kuwawa masiku oyambirira. Kufiira kumene mabuku amatchula sikuoneka bwino pakhungu lakuda, ndiye dalirani kutentha ndi kutupako. Vuto n'lakuti ukali umenewu susankha. Ukachuluka kapena ukakhalitsa umapserezanso maselo atsopano amene akutseka bala, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene zilonda za odwala shuga zimachedwera kupola. Wothira peroxide tsiku ndi tsiku akufanana ndi mlimi amene wathira feteleza wambiri pa mbande za tomato mpaka kuziwotcha.

Mukavulala, sambani m'manja ndi sopo, panikizani bala ndi nsalu yoyera mpaka magazi ataleka, kenako litsukeni ndi madzi ambiri owiritsa ndi kuzizira, makamaka ngati ndi a pachitsime. Mungasungunulemo mchere wokwana magalamu 9 pa lita imodzi. Chotsani dothi lonse, phimbani ndi bandeji, ndipo muziisintha ikanyowa kapena ikada. Phulusa, dothi ndi Jik zisayandikire pabala.

Bala lakuya, kapena la msomali ndi khasu ladothi, lifunika kukaonedwa ku kiliniki tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata. Pitaninso msanga ngati pakadutsa masiku awiri kutupa kukungokula, mafinya akutuluka, mwanabere watuluka m'khwapa kapena m'mphechepeche, kapena thupi lonse latentha. Odwala shuga asadikire n'komwe masiku awiriwo, ngakhale bala la kuphazi litaoneka laling'ono.