Momwe mungapangire timakristalo ta perovskite tosazilala msanga

Timakristalo ta CsPbBr3 (mtundu wa perovskite wopangidwa ndi cesium, mtovu ndi bromine), tomwe timawala mobiriwira mukatiunika ndi nyali ya UV, timapangidwa motsatira njira yomwe gulu la Maksym Kovalenko ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland linafalitsa mu 2015, ndipo kulimba kwake kumadalira kwambiri kutentha kwa m'fulasiki pa nthawi yothira cesium.

Yambani ndi kusungunula cesium carbonate mu oleic acid ndi octadecene kuti mupeze cesium oleate, ndipo muitenthetse kufika madigiri 100 musanaigwiritse ntchito, chifukwa ikazizira imagwirana. M'fulasiki ina ikani PbBr2 (mchere wa mtovu ndi bromine), octadecene, oleylamine ndi oleic acid, muchotse chinyezi pa madigiri 120 kwa ola limodzi, kenako mulowetse nitrogen. Mankhwalawa amafika kuno ku Tete ali okwera mtengo, komabe musakopeke ndi oleylamine wotchipa wa m'mabotolo opanda chizindikiro, makamaka ngati wayamba chikasu.

Chotsatira ndi kukweza kutentha kwa fulasikiyi n'kuthiramo cesium oleate ija, ndipo apa ndi pomwe ine ndinagwa nayo. Ndinaviika thermometer m'mafuta otenthetsera m'malo moiika m'kati mwa fulasiki, ndipo itasonyeza 170 ndinathira cesium, osadziwa kuti m'katimo munali musanatenthe mokwanira. Pa nyali ya UV timakristaloto tinawala mwa buluu, ndipo ndinasangalala pachabe. Kutentha kukakhala pansi pa madigiri 130, mumapeza timapale topyapyala m'malo mwa timabokosi, ndipo popeza mbali yaikulu ya timapaleto ili poyera, oleylamine ndi oleic acid zomwe zimatiteteza zikangochoka timamatana. Tanga tinasintha mtundu n'kuzilala sabata isanathe. Pakati pa madigiri 140 ndi 200 mumapeza timabokosi ta nanomita 4 mpaka 15 (milimita imodzi ili ndi mananomita 1 miliyoni), tomwe timakula kutentha kukamakwera. Ine ndimathira pa 170 kapena 180, chifukwa mukapitirira 200 timakula mosiyanasiyana n'kudikha pansi.

Pakangotha masekondi 5 mutathira cesium, viikani fulasiki m'madzi a ayezi. M'mwezi wa Okutobala, pamene mzinda uno umatentha kupitirira madigiri 40, ayezi amasungunuka muli chidikirire, choncho mutulutseni m'fuliji pa nthawi yomweyo.

Zotsalazo n'zosavuta. Zungulitsani zosakanizazo mu centrifuge (makina ozungulitsa mwachangu kuti timakristalo tidikhe pansi), tsukani timakristaloto kamodzi ndi methyl acetate pang'ono osati ethanol, sungunulani mu hexane, ndipo musunge m'botolo lotseka bwino, mumdima ndi mozizira. Zotsalira zili ndi mtovu, kotero musazitaye mu sinki kapena m'ngalande zopita ku Zambezi.