Kudziwa ngati msika wa masheya ukukwera kapena ukugwa

Malawi Stock Exchange, msika wogulitsirapo masheya (magawo a umwini wa kampani), ili ku Blantyre, koma ngakhale muli ku Mzuzu konkuno foni ikukwanirani kuti muutsatire. Yambani ndi MASI, nambala yosonyeza mitengo ya makampani onse pamsikawu. Werengerani avereji yake ya masiku 50 ndi ya masiku 200. Ya 50 ikakhala pamwamba pa ya 200, msika ukukwera. Ikatsikira pansi, chenjerani. MASI ikatsika ndi 20% kuchokera pomwe inafika pamwamba, msika wagwa ndithu.

Vuto la msika wathu n'lakuti ogula ndi ochepa, choncho National Bank kapena Airtel payokha ikhoza kukoka MASI yonse. Onani kuti makampani angati akukweradi, ndiponso masheya angati agulidwa. Musaiwalenso mphamvu ya kwacha: itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, phindu lina linangokhala la papepala.