Kwa inu amene mwangoyamba kumene koleji

Inu a chaka choyamba, dziwani kuti ku koleji palibe amene azikulondolani ngati kusekondale. Mukajomba kalasi palibe akufunseni, koma mayeso akadzafika m'pomwe mudzaone kuti munadzipweteka nokha.

Sabata yoyamba malekichala ambiri amapereka kapepala kofotokoza kosi yawo, mitu yonse, masiku operekera asainimenti komanso mmene mamakisi agawidwire. Anthu amangokapinda n'kukaponya m'chikwama osakaonanso mpaka semesita kutha. Inu kajambuleni pa foni, masiku onsewo muwalembe pa kalendala, chifukwa m'makosi ambiri mamakisi a asainimenti ndi timayeso tapakati amawaphatikiza ndi a mayeso omaliza, ndiye mukataya pamenepo ngakhale mudzalembe bwino bwanji kumapeto zimavuta kukweza.

Notsi muziwerenga tsiku lomwelo madzulo, olo mphindi 20 zokha, kenako tsekani kope muyese kunena zomwe mwagwira osasuzumira. Zimenezi zimakhala m'mutu kusiyana ndi kuchezera usiku wonse mayeso ali mawa, uko mutu umangolemera koma mukalowa m'holo zonse balala.

Lekichala musamamuope, amakhala ndi nthawi yokumana ndi ophunzira ku ofesi kwake ndipo ndi ochepa amene amapitako. Koma pitani ndi funso lenileni, osati "sindinamve chilichonse".

Zokopera pa intaneti ayi ndithu, makoleji ambiri ali ndi mapulogalamu ogwira zimenezo ndipo chilango chake chimatha kufika pochotsedwa sukulu. Asainimenti nayo muzidzitumizira pa imelo kapena kuisunga pa Google Drive mukamalemba, laputopu imakonda kufa usiku woti mawa mukapereke.