Holide ya Seputembala ku Joni: ana akatsala okha pakhomo

Chisanu cha Juni ndi Julayi chikangotha, Joni amasintha nkhope. Chakumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala sukulu zimatsekera kwa masiku owerengeka, ndipo pa 24 Seputembala pamakhala tchuthi cha Heritage Day, utsi wa nyama yowotcha uli tolo paliponse. Koma holideyi ndi ya ana. Ambirife timakhala tili pantchito, m'mayadi a mabwana, m'mashopu a ku Mayfair ndi Fordsburg kapena pa maganyu omanga nyumba, ana atatsala okha.

Choyamba kuchiopa ndi madzi. Kukayamba kutentha, mabwana amavundukula maiwe osambiramo omwe anali otseka nyengo yonse yozizira. Inu amene mumakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana, dziwani kuti mwana akamamira sakuwa ayi, amangolowa pansi mwakachetechete, ndipo mphindi zochepa zimakwana. Musachite manyazi kupempha kuti geti la padziwe lizikhomedwa kapena neti ibwezeredwe. Mwana wa zaka 8 si mlonda wa mng'ono wake pafupi ndi madzi, ngakhale kwathu tinazolowera kusiyirana ana chonchi. Chidebe chochapira chodzaza madzi nachonso chimatha kupha khanda.

Mvula ya kuno imayamba cha mu Okutobala, kawirikawiri masana, ndi ziphaliwali ndiponso matalala. Mtsinje wa Jukskei, womwe umadutsa ku Alexandra, umasefukira mwadzidzidzi ngakhale pomwe mwaimapo pasanagwe dontho, chifukwa madzi onse a m'misewu ya kumtunda amathira momwemo. Mu Disembala 2022 anthu opitirira 10 anakokoloka mumtsinjewu ali pa mwambo wa mpingo. Abusa ndi akuluampingo athu obatiza mumtsinje, nkhaniyi ndi yanu. Anyamata a mpira nawo, kukayamba kugunda, atuluke m'bwalo alowe m'nyumba, osati kukabisala pansi pa mtengo.

Chachiwiri chili m'chipinda momwemo. Makoswe a ku Joni ndi osautsa, n'chifukwa chake ambiri timagula timapaketi ta mankhwala topanda dzina pamsewu kapena pa renki ya mataxi. Ena mwa mankhwalawa ndi poizoni wa m'minda wosayenera kulowa m'nyumba. Mu Okutobala 2024 ana 6 a ku Naledi, ku Soweto, anamwalira, ndipo boma linapeza kuti anaphedwa ndi mankhwala otchedwa terbufos. Timibulu take mwana amatiyesa zakudya. Palafini wothiridwa m'botolo la zakumwa ndi msampha winanso. Mwana akamwa, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka monga amalangizira ena. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga paketi kapena botololo. Kuchucha dovu, thukuta, kusanza ndi kubanika ndi zizindikiro zosadikira kuti kuche.

Tsono kwa inu okwera basi kupita kumudzi, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Mu Johannesburg mulibe udzudzu wofalitsa malungo, ndiye munthu akakhala kuno zaka zingapo thupi limataya mphamvu yomwe linali nayo yolimbana nawo. Mwana wobadwira kuno alibiretu mphamvuyo. Mawu oti "malungo ndinakula nawo" agoneka anthu ambiri m'chipatala. Funsani mankhwala oteteza musananyamuke, mukagone m'masikito, ndipo mukabwerako, thupi likatentha, mutu kuwawa kapena kuphwanya m'thupi patatha sabata imodzi ngakhale mwezi, musangomwa Panado. Kauzeni anamwino mosabisa kuti mwachokera ku Malawi ndipo akuyezeni magazi, poti kuno munthu wotentha thupi amayamba kumuganizira chimfine. N'chimodzimodzi amene mwapita ku Mozambique kapena kuzigwa za Limpopo ndi Mpumalanga. Omwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, tengani okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera, popeza basi imatha kugona pa boda.

Zina n'zazing'ono koma zimavuta. Mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala imaulutsa fumbi la milu ya m'migodi cha ku Riverlea ndi Soweto, mitengo nayo ikutulutsa mungu, choncho wa mphumu asasiyane ndi kampope kake. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kuposa tauni ya Dedza, ndipo dzuwa lake limawotcha ngakhale kamphepo kakuwomba. Ogwira ntchito panja, chipewa ndi madzi akumwa.

Manambala awa alembedwe pakhoma, ndipo mwana wamkulu awaloweze: 112 pa foni ya m'manja, 10177 ambulansi, 10111 apolisi, ndi 0861 555 777 pa nkhani za poizoni. Aloweze ndi adiresi yeniyeni ya pomwe mukukhala, dzina la msewu ndi nambala, pakuti "pafupi ndi shopu ya Msomali" ambulansi singafike. Mantha a mapepala asakuchedwetseni mwana akamabanika: gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Wina akakutsekerani pageti la kiliniki, musataye nthawi kukangana naye, pitani kuchipatala china chapafupi.