Musanagule pulogalamu yosungira zomwe antchito akudziwa, konzani izi

Pa ofesi ina yomwe ndinkagwirako ntchito tinaika SharePoint, pulogalamu yosungira ndi kugawana zolemba, tonse tili ndi chiyembekezo. Patatha miyezi 6 tinkafunsanabe pa WhatsApp kuti fomu ya ndalama za ulendo ili kuti. Pulogalamuyo inalibe mlandu ayi. Nazi zomwe ndikanayamba nazo ndikanadziwa.

Yambani ndi abwana. Akamatumizabe malipoti pa imelo, aliyense azitero. Agwirizane nanu kuti munthu akafunsa chinthu chomwe chinalembedwa kale, azimutumizira linki ya tsambalo m'malo momuyankha. Zimakwiyitsa masiku oyambirira, koma anthu amazolowera kukayang'ana okha.

Nkhani yovuta kwambiri ndi mantha. Amene yekha amadziwa kukonza malipiro kompyuta ikavuta amaona kuti chinsinsi chimenecho ndiye chikumusunga pantchito. Mukamuuza kuti alembe zonse, iye amamva ngati mukumuuza kuti alongedze. Choncho dzina lake lizioneka pa zomwe walemba, ndipo poyesa kagwiridwe ka ntchito kumapeto kwa chaka zimenezo ziziwerengedwa. Zolakwa nazonso zilembedwe popanda kuloza munthu chala. Kwathu kuja wina analemba moona mtima momwe anasokonezera oda, anadzudzulidwa pamsonkhano, ndipo kuchokera tsiku limenelo aliyense ankangolemba zomwe zayenda bwino.

Apatseni antchito nthawi yolemba. Ola limodzi pa sabata likwana, bola likhale mkati mwa maola a ntchito.

Si zonse zimalembeka. Katswiri wa sayansi ndi filosofi Michael Polanyi ananena mu 1966 kuti munthu amadziwa zambiri kuposa zomwe angathe kufotokoza, ndipo ine ndinaziona pa mayi wina yemwe ankazindikira kasitomala wosalipira pongomva kalankhulidwe kake pafoni. Tinawapempha kuti alembe, anatulutsa mizere itatu yokha. Anthu otere muwakhazike pamodzi ndi wantchito watsopano kwa milungu ingapo. Watsopanoyo ndiye azilemba, chifukwa amafunsa zomwe akalewo anasiya kuziona.

Tsamba lililonse likhale ndi mwini wake komanso tsiku lomwe linaunikidwa komaliza. Kaya muli pa pulogalamu ya Confluence kaya pa Google Drive, munthu akapeza malangizo akale kawiri kokha sabwererakonso. Miyezi itatu iliyonse khalani pansi ndi eni masambawo, ndipo lomwe palibe akulivomera kuti ndi lake mulichotse.