Musanaveke galimoto matayala aakulu, yambani mwayeza

Mvula ikangoyamba, eni ma Hilux, Ranger ndi D-Max amabwera ndi funso limodzimodzi: "Kodi ndikaika matayala aakulu ndisiya kutitimira m'matope?" Ine ndimawauza kuti akweze saizi kamodzi kokha, ndiponso ayeze asanatulutse ndalama.

Tiyambe ndi manambala a m'mbali mwa tayala, omwe ambirife timangowatchulira wogulitsa osadziwa zomwe akunena. Pa 265/65 R17, saizi yomwe ma Hilux ndi ma Prado ambiri amabwera nayo, 265 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, 65 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi 65 peresenti ya mulifupimo, ndipo 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Mukawerengera bwino, tayala limeneli ndi lalitali mamilimita 776 kuchokera pansi kufika pamwamba. La 265/70 R17 limafika 803. La 285/70 R17, lija anyamata amangolitcha kuti 33 chifukwa ndi lalitali pafupifupi mainchesi 33, limafika 831.

Apa ndi pamene anthu amapusitsika. Galimoto imakwera ndi theka lokha la kusiyanako, chifukwa theka linalo lili pamwamba pa ekiselo. Kuchoka pa 265/65 kupita pa 265/70 mwapeza mamilimita 13. Kupita pa 285/70 mwapeza 27, osakwana ngakhale zala ziwiri zopingasa.

Komabe pang'ono pomwepo si popeputsa. Mumsewu wadothi umene malole akumba ngalande ziwiri n'kusiya mtumbira pakati, chimene chimakhala pamtumbirapo ndi difu ya kumbuyo, chibokosi cha magiya chomwe chili pakati pa ekiselo. Mutha kuika masipuling'i ataliatali, bodi n'kukwera mpaka agogo kumafuna mpando kuti alowe, koma difu idzakhalabe pomwe inali, popeza imayendera limodzi ndi matayala. Chokweza difu ndi tayala basi.

Nanga mtengo wake? Sindikunena wa kusitolo. Tayala la 285/70 ndi lalikulu ndi 7 peresenti kuposa la fakitale, choncho mphamvu yokankha galimoto pansi yatsika ndi muyezo womwewo pa giya iliyonse. Pachitunda chomwe munkakwera ndi giya yachitatu mudzafuna yachiwiri, makamaka mutasenza feteleza. Klatchi imavutika ponyamuka, dizilo amapita wambiri. Mabuleki nawo akulimbana ndi tayala lolemera komanso lalitali, ndipo amene anatsikapo msewu wa Golodi kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba akudziwa mmene mabuleki amanunkhira ngakhale pa matayala wamba. Mabelingi ndi mfundo zolumikiza matayala akutsogolo ku galimoto, zotchedwa ma ball joint ndi ma CV, zimatha msanga.

Mita yoonetsa liwiro imayambanso kunama, chifukwa imawerenga kuzungulira kwa tayala poganiza kuti ndi lakale lija. Ndi 285/70, liwiro lenileni limakwera ndi 7 peresenti pa lomwe munazolowera mita ikaloza nambala yomweyo, ndipo a polisi yapamsewu sadzamva zoti mwasintha matayala. Zoona, mita zambiri zimachokera ku fakitale zikuonjezera pang'ono, n'chifukwa chake kukweza saizi kamodzi nthawi zambiri kumangoyibweretsa pafupi ndi choonadi. Yerekezani ndi GPS ya pafoni pamsewu wowongoka. Makilomita nawonso amawerengeka ochepa: pomwe mita yalemba 5,000 mwayenda pafupifupi 5,350, choncho sinthani oyilo msangako.

Vuto lomwe limaoneka tsiku loyamba ndi kukhula. Ineyo ndinaphunzira mowawa. Ndinaveka pikapu 285 pamarimu a fakitale, n'kuzungulira pabwalo la ogulitsa matayalawo, zonse bwinobwino. Patapita sabata, nditanyamula matumba a chimanga, ndinatsikira pakhwawa chiwongolero nditachikhotetsa mpaka kumapeto. Ndinangomva kuti khwee! Tayala lakutsogolo linali litazula chotchinga matope n'kung'amba pulasitiki wa mkati mwa madigadi, zidutswa zikulendewera. Pabwalo lathyathyathya galimoto yopanda katundu siikuuzani zoona.

Yesani chonchi. Pemphani wogulitsa aveke matayala akutsogolo musanalipire. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, mukupita kutsogolo komanso mukubwerera m'mbuyo. Kenako kwezani tayala limodzi pachulu kapena pamtumbira kuti sipuling'i ipanikizike, zimitsani injini, kokani handibuleki, mupise dzanja kuseri kwa tayala. Onani mpata pakati pa tayala ndi chotchinga matope, bampala, chasisi, mkono wapamwamba wa sasipenshoni ndi paipi ya buleki. Ngati chala sichikulowa momasuka, tayalalo lidzakhula likadzamata matope. Ena amathawira ku ma spacer, zitsulo zoika kuseri kwa rimu, kuti tayala lituluke panja. Sindiwalimbikitsa: amaonjezera katundu pa mabelingi, ndipo otchipa amamasuka.

Matayala onse akhale a saizi imodzi, sipeya yomwe. Ambiri amagula anayi n'kusiya sipeya yakale, tsono tsiku lomwe tayala laphulika pakati pa Rumphi ndi Chelinda amaveka laling'ono mbali imodzi. Mukalowetsa 4x4 matayala akuzungulira mosiyana, magiya amakokana. Pa Prado, yomwe imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, difu yapakati imagwira ntchito osapuma. Onaninso ngati sipeya yaikuluyo ikukwana pamalo pake pansi pa bodi.

Kwa ine, nambala yofunika kuposa kutalika ndi ija imatsatira saizi, monga 112 kapena 121. Imanena kulemera komwe tayala limodzi lingasenze: 112 ndi makilogalamu 1,120, pamene 121 ndi 1,450. Musatsike pa nambala yomwe yalembedwa pachikwangwani cha pakhomo la dalaivala. Ngati mumanyamula katundu m'misewu ya miyala, funani tayala lolembedwa LT, lomwe thupi lake ndi lolimba. Ogula matayala a kaunjika ayang'ane manambala anayi otsiriza pambuyo pa mawu oti DOT: 3519 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 35 m'chaka cha 2019. Lakale limauma ndi kuchita ming'alu ngakhale mano ali onse.

Ndipo tayala lotambalala kwambiri si ndiye labwino m'matope athu. Ma Land Cruiser a ntchito akhala akuyenda zaka zambiri pa 7.50 R16, tayala lowonda koma lalitali, lomwe limaboola matope a pamwamba n'kukagwira nthaka yolimba pansi. Lotambalala limathandiza pamchenga, monga m'mbali mwa nyanja, koma kumeneko kuphwetsa mpweya kufika pa 1.5 bar kumachita zambiri kuposa kugula saizi ina. Yendani pang'onopang'ono mukaphwetsa, ndipo popani musanabwerere pamsewu wa tala.

Kwa pikapu yomwe simunasinthe china chilichonse, 265/70 R17 ya mano a all-terrain, oyenda pamsewu wa tala ndi wadothi womwe, ndi pabwino poimira. Nthawi zambiri imalowa popanda kudula kanthu. Mukafuna 285, konzekeraninso marimu ena, kudula pulasitiki ndi kukweza sasipenshoni. Saizi iliyonse yomwe mwasankha, adziwitseni a inshuwalansi mwa kalata, ndipo mukayenda makilomita 50 oyamba mangitsaninso manati onse.