Kugwirira ntchito makampani akunja pa kompyuta: phunziro lochokera ku India

Achinyamata ambiri amene aphunzira za makompyuta akufunsa mmene angapezere ntchito kuchokera ku makampani a ku Ulaya ndi ku America popanda kuchoka kwawo. Malonda amenewa, amene kampani imapereka gawo la ntchito yake kwa anthu a dziko lina kuti aigwirire pa mtengo umene agwirizana, ndi amene atukula mizinda ya Bangalore, Hyderabad ndi Pune ku India, dziko limene tsopano limapeza ndalama zoposa madola 150 biliyoni pachaka pogulitsa kunja ntchito zoterezi. Ambiri amaganiza kuti Amwenye anapambana chifukwa chotchipa basi, koma amene angayambe ndi maganizo amenewo adzataya kasitomala wake woyamba msanga.

Kampani ya Tata Consultancy Services inayamba mu 1968, pamene Infosys inayambitsidwa mu 1981 ndi akatswiri asanu ndi awiri motsogozedwa ndi Narayana Murthy, ali ndi mpamba wa madola pafupifupi 250. Poyamba makampaniwa ankatumiza antchito awo kukagwirira ku maofesi a makasitomala kunja, chifukwa mafoni a ku India anali osadalirika. Zinthu zinayamba kusintha kampani ya ku America ya Texas Instruments itatsegula ofesi ku Bangalore mu 1985, ndipo mu 1991 boma linakhazikitsa bungwe la Software Technology Parks of India, limene linkalumikiza makampani ndi maiko akunja kudzera pa setilaiti komanso kuwachepetsera misonkho. Mwayi waukulu unabwera chaka cha 2000 chikuyandikira, pamene mabanki ndi makampani ena anaopa kuti mapulogalamu awo akale, amene ankalemba chaka ndi manambala awiri okha, adzasokonezeka. Ntchito yowakonza inali yotopetsa ndiponso yosapatsa ulemu, koma Amwenye anaigwira mwadongosolo n'kuimaliza pa nthawi yake, moti vutolo litatha makasitomala ambiri anawapatsanso ntchito zina zikuluzikulu.

Choncho langizo langa loyamba n'lakuti musankhe ntchito imodzi imene mungaigwire bwino nthawi zonse, kaya ndi kuyesa mapulogalamu ngati ali ndi zolakwika, kusamalira mawebusayiti, kulemba mabuku owerengera ndalama za kampani kapena kuyankha makasitomala, ndipo musaidelere chifukwa cha kuchepa kwake. Musanayambe, lembani mgwirizano wonena ntchitoyo mwatsatanetsatane, tsiku loipereka, mtengo, njira yolipirira, ndiponso kuti kasitomala angapemphe kangati kuti musinthe zinthu popanda kuwonjezera ndalama. Mikangano yambiri imabuka pa mfundo yomalizayi.

Chofunika kwambiri, chimene ndikufuna kutsindika, ndi kalondolondo wa ntchito. Mlimi wa fodya amadziwa kuti belo losakaniza magiredi limabwezedwa ku okushoni ngakhale masamba ena ali abwino, ndipo kasitomala wakunja amachitanso chimodzimodzi: amafuna kuti ntchito ya lero ifanane ndi ya mwezi watha, ngakhale amene anaigwira poyamba wadwala kapena wasiya. N'chifukwa chake makampani a ku India analimbikira kupeza ziphaso za ISO 9001 ndi CMM, zimene zimatsimikizira kuti njira zogwirira ntchito n'zolembedwa ndipo zimatsatidwa. Gulu la anthu atatu kapena anayi silingakwanitse kulipira ziphasozi, koma lingathe kulemba masitepe a ntchito iliyonse, kusunga mbiri ya zonse zimene zasinthidwa, ndi kukhazikitsa lamulo loti munthu wachiwiri aziona ntchito isanatumizidwe. Kumapeto kwa sabata iliyonse tumizani lipoti lalifupi lonena zimene zatha ndi zimene zatsala. Mukaona kuti muchedwa, nenani masiku angapo tsikulo lisanafike, pakuti kasitomala amakhululukira kuchedwa kumene wauzidwiratu kusiyana ndi kungokhala chete.

Nkhani ya magetsi ndi intaneti isakhale chowiringula chanu. Ikani sola ndi batire lokwanira maola onse a ntchito, khalani ndi intaneti ya makampani awiri osiyana, ndipo ndalama zimenezi muziwerengere pamtengo umene mukutchula. Pa nkhani ya nthawi tili ndi mwayi umene India alibe, chifukwa nthawi ya ku Malawi imasiyana ndi ya ku London ndi ola limodzi kapena awiri okha, moti mungagwire ntchito masana limodzi ndi kasitomala wanu, pamene antchito ambiri a ku India ndi ku Philippines amachezera usiku kuti alankhule ndi makasitomala a ku America.

Samalaninso zinsinsi za anthu. Kuyambira mu 2018 lamulo la GDPR limakakamiza makampani a ku Ulaya kuonetsetsa kuti aliyense wowagwirira ntchito akuteteza maina, manambala ndi mbiri za makasitomala awo, choncho kompyuta ya ntchito isabwerekedwe kwa abale, ikhale ndi pasiwedi yolimba, ndipo mafayilo asatumizidwe pa WhatsApp. Lembetsani bizinesi yanu kuboma, tengani nambala ya msonkho ku MRA, ndipo mufunse ku banki yanu malamulo olandirira ndalama zakunja musanatumize invoisi (chikalata choitanitsira malipiro) yoyamba, kuti malipiro asakakamire panjira ntchito mutaigwira kale.